Tikuyang'ana ku Cabo Delgado pomwe chikwanje chili pakhomo

Usiku wina mwezi wathawu, gulu la pa WhatsApp la kubanja kwathu silinagone. Msuweni wanga anaponyamo voice note ya bambo wina wosadzitchula dzina, akulankhula ali wefuwefu, kunena kuti zigawenga za ku Mozambique zadumpha malire ndipo zabisala m'mapiri a ku Namwera. Pamwamba pa uthengawo panali timivi tija tosonyeza kuti wadutsa m'mafoni ambirimbiri. Mphindi khumi zisanathe, mayi anga aang'ono anali ataimbira kale mwana wawo yemwe amapikula usipa kunyanja, kumuuza kuti akwere basi yoyamba. Amalume anaponya vesi. Wina anaponya chithunzi cha nyumba zikuyaka, chomwe nditachifufuza ndinapeza kuti n'chakale komanso si cha kuno. Kutacha, anthu a ku Namwera anadzuka n'kupita kumunda ngati masiku onse. Palibe anapepesa pagulupo. Tinangobwerera ku nkhani ya msonkhemsonkhe wa ukwati.

M'gulu lomwelo muli azakhali anga, mayi wochita geni ya chimanga ndi nyemba, yemwe wakhala mu komiti ya sukulu ndi ya mjigo kwa zaka zambiri. Chisankho cha 2025 chikuyandikira, anthu a m'dera lawo anawapempha kuti aimire ukhansala. Anavomera, n'kuyamba kuyenda m'midzi kukonzekera chisankho chachipulula cha chipani chawo. Nawonso analandira voice note. Yawoyo sinali ya munthu wachilendo, mawu ake anawazindikira. Mnyamatayo sanatukwane, sanakweze mawu. Anangoti: "Amayi, mtsikana wanu uja amadzera njira ya kudambo akamachokera kusukulu. Timamuona."

Uthenga umenewo palibe anaufowada. Palibe anaponya vesi. Atauza abale, yankho linali limodzi: "Zisiyeni alongo, ndale ndi zauve." Atapita kukadandaula kupolisi ya kufupi ndi kwawo anauzidwa kuti mwina ndi ana akungosewera, abwerenso chikachitika china chake. Patatha sabata ziwiri anachotsa dzina lawo. Mpando uja anautenga wina, ndipo m'mabuku a zisankho simudzapezamo paliponse polembedwa kuti m'wodi imeneyo munachitika chiwawa.

Mauthenga awiriwa akhala akundizungulira m'mutu. Woyamba unali wabodza koma unagwedeza banja lonse. Wachiwiri unali woona, unasintha amene akulamulira dera, koma tinautenga ngati nyengo, ngati mvula ya mu January yomwe sungaisumire. Ndikuona kuti mantha athu tawaloza kolakwika.

Ndisanamveke ngati ndikuchepetsa nkhani ya kwa anansi athu, ndinene kuti nkhondo ya ku Cabo Delgado si masanje. Inayamba pa 5 October 2017 pomwe kagulu ka anyamata kanaukira apolisi m'tauni ya Mocímboa da Praia. Mu March 2021 zigawengazo zinalowa m'tauni ya Palma, ndipo kampani ya ku France yomwe lero ikutchedwa TotalEnergies inaimitsa ntchito yake yaikulu ya gasi m'deralo. Chaka chomwecho Rwanda ndi maiko a SADC anatumiza asilikali. Anthu masauzande aphedwa, ndipo enanso miyandamiyanda anathawa m'makwawo. Kumapeto kwa 2021 ziwembuzi zinafika m'boma la Mecula, m'chigawo cha Niassa, ndipo Niassa ndi yomwe tagundana nayo malire pa Chiponde. Ndiye munthu wa ku Mangochi akamatchera khutu, sakupenga ayi. Asilikali athu ndi a zolowa ndi kutuluka ayenera kukhala maso, n'zoona.

Koma werengani bwino momwe nkhondoyo inakulira. Poyamba anyamata aja analibe zida zoopsa zambiri. Ambiri ankanyamula zikwanje. Ndipo asanafike polanda matauni, anthu omwe ankawasaka m'midzi anali mafumu ndi atsogoleri ang'onoang'ono a m'madera, anthu omwe aliyense amadziwa khomo lawo. Ukachotsa munthu amene mudzi umathamangirako pakagwa vuto, otsalawo amamvera aliyense wanyamula chitsulo. Boma la ku Maputo linachedwa kuvomera kukula kwa vutolo, linkati ndi zigawenga wamba zomwe zitha posachedwa. Nanga chigawocho chili kutali ndi likulu, ndipo ophedwawo sanali anthu a maina.

Tsopano tembenuzani foni, muyang'ane kuno.

Ambirife tinaonera kanema wa pa 26 June 2025. Ku Lilongwe kunali zionetsero zofuna kuti akuluakulu a bungwe loyendetsa zisankho la MEC atule pansi maudindo. Kaya munkagwirizana nazo kaya ayi, iyo ndi nkhani ina. Anyamata onyamula zikwanje ndi zibonga anafika masanasana, anagwira Sylvester Namiwa wa bungwe la CDEDI, kumukoka, kumumenya, kumung'ambira zovala. Chomwe chinandiziziritsa nkhongono si chikwanjecho. Ndi anthu a yunifolomu omwe anaima chapafupi, apolisi ndi asilikali, mfuti zili m'manja, akungoyang'ana. Kanemayo ndinamuonera kangapo, kumuimitsa, kumukuza ndi zala, kufunafuna mmodzi yekha amene anasuntha phazi mwachangu. Ndinatopa ndine.

Ndipo sikanali koyamba. Mu February 2024 otsatira chipani cha DPP omwe ankasonkhana pa malo omwetsera mafuta a Mbowe ku Lilongwe anavulazidwa ndipo magalimoto awo anaphwanyidwa. Mu November chaka chomwecho anyamata ophimba kumaso anabalalitsa anthu omwe ankafuna kuchita zionetsero mumzinda womwewo. Otsutsa ankaloza chala chipani cha MCP chomwe chinkalamula nthawiyo, icho chinkakana. Anthu wamba tinkangoona kuti anyamatawo akubwera ndi kubwerera momasuka ngati akupita kumsika.

Apa ndikudziwa kuti wina wayamba kale kulemba komenti: "Wayamba uyu, ndi kadeti." Dikirani kaye achimwene, tsikani nane m'munsimu.

Pa 19 July 2011, tsiku limodzi zionetsero za 20 July zisanachitike, anyamata anazungulira mzinda wa Blantyre m'magalimoto a DPP akunola zikwanje pamsewu. Mawa lake dziko linagwedezeka ndipo anthu 20 anafa pa zionetserozo. Mu January 2019 ku Mangochi mayi wina wotsatira UTM anamukakamiza kuvula malaya a chipani chake, anyamata akujambula ndi kuseka, kanemayo n'kuyenda dziko lonse. Chaka chomwecho nyumba ya Timothy Mtambo, yemwe ankatsogolera zionetsero za HRDC, inaponyedwa mabomba a petulo. Mu October 2019 wapolisi anagendedwa mpaka kufa ku Msundwe, ndipo pobwezera apolisi ena anakachitira nkhanza amayi ndi atsikana a m'deralo, nkhani yomwe inakafika kukhoti lalikulu ndipo linalamula kuti amayiwo apepesedwe. Mu May 2020 ofesi ya UTM ku Area 24 inaponyedwa bomba la petulo usiku. M'katimo munkagona banja la mlonda. Anthu atatu a banja limodzi anamwalira, pakati pawo mwana. Sankapikisana pa mpando uliwonse. Ankangosowa pogona pena.

Makolo athu akhoza kupitiriza mndandandawu kubwerera m'mbuyo: ma Young Democrats a nthawi ya UDF, apayoniya a nthawi ya Kamuzu omwe asilikali anawalanda zida mu December 1993, mpaka nduna zitatu ndi phungu omwe anaphedwa mu 1983 n'kunamizira ngozi ya galimoto ku Mwanza. Mtundu wa nsalu umasintha, chikwanje n'chomwechija. Amene akulira lero ndi amene dzulo ankati sakuwadziwa anyamatawo, ndipo amene ankalira dzulo lero akuti apolisi akufufuza. Ngati mwazi umakupwetekani pokhapokha wokhetsedwayo atavala mtundu wa chipani chanu, ndiye kuti si chiwawa chomwe mumadana nacho, mumangodana ndi kukhala mbali yomenyedwa.

Komabe maina onse ndatchulawa ndi a nkhani zomwe zinafika pa wailesi. Namiwa atamenyedwa, akazembe a maiko akunja analemba zikalata, mabungwe anadzudzula, ife atolankhani tinathamangira kuchipatala ndi makamera. Mtima wanga uli pa anthu ngati azakhali anga, omwe nkhani zawo zimathera pakhonde.

Pa chisankho cha pa 16 September 2025 panali madera 229 a aphungu ndi mawodi 509 a makhansala. Pa mpando uliwonse panali anthu angapo opikisana, osawerengera omwe anagwa kapena kugwetsedwa pa chipulula. Mtsogoleri wa dziko amayenda ndi mdipiti wa magalimoto. Nduna ili ndi wapolisi pageti. Nanga khansala? Khansala amakwera kabaza yemwe inu mumakwera. Amagula tomato pa msika womwewo. Nyumba yake ilibe mpanda, mwina yofolera ndi udzu, ndipo machesi ndi otchipa. Mwana wake amaphunzira sukulu ya pulaimale ya m'dera lomwelo. Ubwino wonse wa khansala ndi woti amapezeka, ndipo n'chomwechonso chimamuika pa mpeni.

Izi si za kuno kokha. Ku Britain phungu Jo Cox anaphedwa mu June 2016 akupita kukakumana ndi anthu a m'dera lake, womupha anali mzungu wa maganizo onyanyira a tsankho. Mu October 2021 phungu wina, David Amess, anabayidwa m'tchalitchi momwe ankamvera madandaulo a anthu, womupha anali wotsatira Islamic State. Opha awiri osiyana kotheratu, koma onse anasankha malo amodzi: pomwe wandale amakhala pafupi ndi anthu, wopanda mlonda. Ku KwaZulu-Natal, komwe abale athu ambiri ali pa maganyu, makhansala anaphedwa ochuluka mpaka mu 2016 boma la chigawocho linakhazikitsa komishoni ya Moerane kuti ifufuze. Zomwe zinamveka kumeneko n'zoti nthawi zambiri mfuti imachokera m'chipani chomwecho, ndipo chomwe akulimbirana ndi mipando ndi matenda a kukhonsolo.

Mawu oti matenda apa ndikunena ma tender, osati malungo, ngakhale kusiyana kwake nthawi zina n'kochepa. Ndipo mfundo imeneyi itikhudze. Kuno tinakhala opanda makhansala kuyambira 2005 mpaka 2014, ndiye ambirife tinakula tikuona ukhansala ngati udindo wa maliro ndi kutsegulira mjigo. Zinthu zikusintha. Mkangano wa aphungu ndi makhonsolo pa ndalama za CDF wafika mpaka kukhoti, ndipo pa kampeni ya 2025 tinamva lonjezo la K5 biliyoni ku dera lililonse pa chaka. Kutsitsa ndalama kumadera ndi ganizo labwino, ine ndimalikonda. Koma ndalama zikatsika, nkhondo yozilimbirana imatsika nazo. Ngati munthu ankaopseza mwana wa mnzake chifukwa cha mpando wa kandalama kochepa, adzatani mpandowo ukadzakhala khomo la mabiliyoni? Sindinamve aliyense mwa olonjeza aja akukamba za chitetezo cha anthu omwe azidzayang'anira ndalamazo: khansala, mlembi wa komiti ya chitukuko, mfumu yomwe ingakane kusainira mlatho womwe sunamangidwe.

Mnzanga wina yemwe tinaphunzira limodzi anandidzudzula nditamufotokozera maganizowa. Anati: "Aise, ukusakaniza zinthu. A ku Cabo Delgado ali ndi chikhulupiriro, akufuna kugwetsa boma n'kuika lawo. Athuwa ndi aganyu chabe, ukawapatsa ya mowa ndi ya bandulo mawa avala malaya a chipani china." Akunena zoona, ndipo sindikuti Lilongwe ndi Palma. Koma yankho lake silinanditonthoze, linandiopsa kwambiri. Tili ndi gulu la anyamata omwe aphunzira zinthu zitatu: kuti chikwanje chimalipira kuposa satifiketi, kuti wapolisi amayang'ana kumbali ngati wakutuma ndi wamkulu, komanso kuti munthu wa mbali inayo si munthu kwenikweni. Chisankho chikatha bwana uja amasintha nambala. Luso lija silichoka m'manja. Amene adzabwere mawa ndi ndalama zochulukirapo, kapena ndi chiphunzitso chowauza kuti umphawi wawo uli ndi mwini wake, sadzayamba pa ziro. Adzapeza ntchito yaikulu andale athu anamugwirira kale, mwaulere.

Ndipo anyamatawa si alendo. Ndi amsinkhu wanga. Ena tinakhala nawo pa desiki imodzi ku pulaimale, iwo anatsalira pa Fomu 2 chifukwa cha fizi. Amene anatumiza uthenga kwa azakhali anga anadyapo nsima pakhomo pawo nthawi ya maliro. Sindikumuikira kumbuyo, ayenera kuyankha mlandu. Koma mukamanga iye yekha n'kusiya amene anamugulira mayunitsi, mwadula nsonga ya chisoso.

Pali china chomwe chinandinyansa usiku wa voice note ya ku Namwera uja. Pasanathe ola, nkhani inali itachoka pa zigawenga n'kufika pa "anthu a kumangochiwa" ndi "a mizikitiwa". Wina mpaka analemba kuti aliyense wa ndevu ndi mkanjo azifufuzidwa. Taganizani. Asilamu akhala m'dziko muno kuyambira kalekale, takwatirana nawo, dziko lino linalamulidwapo ndi Msilamu kwa zaka khumi. Ku Cabo Delgado komweko ambiri mwa ophedwa ndi othawa ndi Asilamu, ndipo atsogoleri ena a Chisilamu ndi omwe anayamba kuchenjeza boma za kaguluko nkhondo isanabuke. Zikwanje zomwe taziona m'misewu yathu zaka zonsezi sizinatuluke mumzikiti. Zinatsika m'magalimoto. Mantha akalozedwa kolakwika sangokhala opanda ntchito, amapanga adani pomwe panalibe, ndipo mnyamata wa ku Makanjira yemwe tsiku lililonse akuuzidwa kuti ndi chigawenga tikumukankhira tokha kwa amene angamuuze kuti kwawo si kuno.

Ife a mafoni m'manja tili ndi gawo lathu, tisanamizire andale okha. Lowani m'makomenti a pa Facebook pansi pa nkhani ya mayi aliyense wopikisana pa mpando. Sakambapo za mfundo zake. Akamba za thupi lake, za amuna omwe akuti anagona nawo, za kwawo komwe anachokera. "Ameneyu akufunika aphunzitsidwe." "Tikudziwa komwe amakhala." Timaika ka emoji koseka n'kupitirira. Wina amafika poponya chithunzi cha geti la nyumba ya munthu, ife n'kumashera kuti tione mapeto ake. Mnyamata wa chikwanje uja akamafika pamalopo amakhala atawerenga kale makomenti mazana omuuza kuti anthu ali naye. Lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security limaletsa kuopseza ndi kuzunza munthu pa intaneti. Taona anthu akunjatidwa msangamsanga chifukwa chonyoza mtsogoleri wa dziko pa WhatsApp. Liwiro lomwelo likanaoneka pa uthenga woopseza mwana wa munthu wofuna ukhansala, bwenzi azakhali anga ali ndi nkhani ina.

Nafenso atolankhani tili ndi mlandu. Timawerenga chiwawa ndi mabala. Pakakhala magazi ndi nkhani, pakakhala galimoto yopsa ndi chithunzi cha patsamba loyamba. Koma munthu akachotsa dzina lake mwakachetechete timalemba kuti "wasiya pa zifukwa za iye mwini" n'kutseka kope. Sitifunsa kuti zifukwazo zinabwera pa foni nthawi yanji. Kenako timadabwa kuti bwanji amayi ndi achinyamata ndi ochepa m'makhonsolo, n'kukonza zokambirana m'mahotela zowalimbikitsa kuti azidzikhulupirira. Azakhali anga sankasowa kudzikhulupirira. Ankasowa wapolisi woti alembe dandaulo lawo m'buku n'kuitana mwini nambala ija.

Zida zothetsera izi tili nazo kale, n'chifukwa chake zimapweteka. Tili ndi komishoni ya mtendere ndi umodzi yomwe inabwera ndi lamulo la 2022. Tili ndi Independent Complaints Commission yolandira madandaulo okhudza apolisi. M'maboma muli makomiti omwe zipani zimakumaniramo nthawi ya zisankho. A PAC amasainitsa atsogoleri malonjezo a mtendere, makamera ali ng'aning'ani. Zonsezi zimadzuka chisankho chikayandikira n'kugonanso mavoti akawerengedwa, pomwe kuopsezana kwenikweni kumachitika nthawi ya chipulula, mkati mwa chipani, komwe MEC siyang'anira. Ine ndikanakonda chipani chilichonse chikakamizidwe kukhala ndi njira yodziwika yolandirira madandaulo a oopsezedwa pa chipulula, ndipo wopezeka kuti anatuma anyamata achotsedwe pa mpikisano, ngakhale akhale wokondedwa wa abwana. Ndikanakondanso kuona wapolisi wamkulu mmodzi, mmodzi yekha, akufotokoza pamaso pa anthu chifukwa chomwe anyamata ake anaima chilili pa 26 June paja, ndi amene anawauza kutero.

Ndipo boma lomwe lilipo lero lisaganize kuti mayeso ake ndi kumanga anyamata a boma lapitalo. Zimenezo n'zosavuta, boma lililonse latsopano limakhoza. Mayeso ndi tsiku lomwe mnyamata wovala mtundu wawo adzatseke msonkhano wa otsutsa, kapena kuopseza khansala woima payekha yemwe wafunsa za ndalama za mlatho. Tsiku limenelo tidzaone ngati adzagone m'chitokosi, komanso ngati amene anamutuma adzamutsatire. Muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso, ndipo uwu tauyang'anira kuyambira ine ndisanabadwe.

Sabata yatha ndinapita kukawaona azakhali. Ndinawapeza akuyeza nyemba pa sikelo, foni ili pambali. Uthenga uja sanaufufute, akuti amausunga ngati lisiti. Mtsikana wawo anamusamutsira kwa achemwali awo kutauni, amabwera pa holide pokha. Mnyamata uja amadutsabe pa geni yawo, nthawi zina amapereka moni. Ndinawafunsa ngati adzayeserenso mu 2030. Anamanga kaye thumba, n'kundiyang'ana.

"Mwana wa achimwene, pofika nthawiyo mtsikanayu adzakhala atamaliza sukulu, sadzadzeranso kudambo," anatero. "Koma ndili ndi mdzukulu wayamba Sitandade 1."